Kapu ya amayi anga m'dengu la a Gondwe

Ana inu, dzulo lonse mwakhala mukuponyerana mpira wa mapepala pabwalopa, wogwira afuule mawu a Chingerezi, wolephera akhale pansi. Takondwa ndiye amangokhalira kukhala pansi, akumanamizira dzuwa kuti lamuthobwa m'maso. Ine ndinali pakhonde kusenda nandolo, ndipo Chisomo anandifunsa chimene ndinakwinyira nkhope. Ndinati ndi utsi. Panalibe utsi, mwana wanga. Inali nsanje, ndipo ndi yakale kuposa amayi anu.

Inu mumayesa masewera a Chingerezi abwera ndi madamu anu a masiku ano. Ifenso tinali nawo. Koma kuti mumve bwino ndiyambe ndi kumene ndinakulira.

Ndinabadwira ku komboni ya pa esiteti, m'nyumba zija za mzere zoti woyandikana naye akatsokomola iwe umadzuka. Bambo anga sindinawaone. Amayi anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ananditenga ndi agogo, amayi a amayi anga, amene anachokera ku Mozambiki wapansi ali kamtsikana. Musaganize kuti anali ngati ine wokucheza nanu. Ankathyola tiyi kuyambira mbandakucha, dengu kumsana, zala zakuda bii ndi utomoni wa masamba, ndipo akaweruka sankafuna phokoso. Ankalankhula Chilomwe, Chinyanja ankachisungira a kapitawo akawanyenga pa sikelo. Tinali anthu awiri osalankhula m'nyumba imodzi. Chakudya chathu chinali makaka, chinangwa chouma chija, ndi nyemba za kalongonda. Yamikani, usakwinye mphuno. Kalongonda amafuna munthu wopirira, umaphika tsiku lonse n'kumataya madzi, ukachita changu amakuzunguza mutu. Inu mpunga ukangochedwa pang'ono mwayamba kale kuyendayenda kukhitchini ngati amphaka.

Mwana wopanda amake amaphunzira kuyang'ana. Ndinkadziwa amene amake amupesa tsitsi m'mawa, amene bambo ake amunyamula pa njinga mpaka pa mlatho, amene wabwera ndi mbatata yootcha m'thumba. Ndinkangoona n'kusunga.

Sukulu yathu inali ya pa esiteti pomwepo, mawindo opanda magalasi. Chiperoni chikabwera chinkalowa m'kalasi n'kukhala nafe, ife titafunda ziguduli kumutu. Aphunzitsi oyamba ankatiphunzitsa Chingerezi ndi chikoti, iwo anene, ife tibwereze, mpaka mawu atasanduka nyimbo yosadziwa tanthauzo. Titafika sitandade 4 kunabwera a Gondwe, mnyamata wa kumpoto, wamtali ngati bulugamu. Chichewa chawo chinkatiseketsa, Chilomwe sankamva ndi liwu limodzi, ndipo sankadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Chikoti anachipachika pakhoma. M'malo mwake anakapempha dengu lakale la tiyi, lobooka pansi, analisoka ndi chisaka.

Masewera awo ankayenda motere. Lachisanu lililonse aliyense abwere ndi kanthu kochokera kunyumba, akaponye m'dengu mobisa anzake asanaone. Kalasi ankaligawa pawiri, mbali ya kuwindo ndi mbali ya kukhomo. A Gondwe ankapisa dzanja pansi pa chisaka, kutulutsa chinthu, kuchikweza m'mwamba n'kufunsa kuti, “Whose is this?” ndiye kuti ichi n'cha yani. Mwini wake aimirire, ayankhe m'Chingerezi kuti n'cha bambo anga, n'cha amayi anga, n'cha achimwene anga. Akakhoza amupatse chinthucho achigwire pamiyendo mpaka belu, ndipo mbali yake ipeze chigoli. Akalephera chibwerere m'dengu.

Ee, ana inu, m'dengu muja munkatuluka zinthu! Pampu ya njinga. Kaliwo. Chipewa cha ku Joni. Lamba wa chikopa woti mwini wake tsiku limenelo wapita ku ntchito atamanga luzi. Mwana ankaimirira chifuwa patsogolo n'kunena kuti, “It is my father's,” ngati bamboyo wamuumba yekha. Ine ndinkabwera ndi chiyani? Nkhata ya makoko a nthochi. Kabotolo ka fodya wa nsunkho, kopanda fodya, chifukwa kokhala ndi fodya agogo sakanalola. Ndipo onani tsoka lake. Mawu otchulira bambo ndi amayi m'Chingerezi ndi aafupi, koma otchulira agogo ndi aatali ngati njira ya kwa Mphuka. Ndikaimirira lilime linkauma, kalasi lonse likundiyang'ana, nkhata ikulendewera m'manja mwa aphunzitsi. Ndinkakhala pansi osanena kanthu, nkhata n'kubwerera m'dengu. Posankhana mbali ndinkatsala ndekha pakati, mbali zonse zikukankhirana.

Tsono panali Felesiya. Inde, yemwe uja, agogo anu a ku Boma, amene mumawathamangira chifukwa cha masiwiti. Bambo ake anali a kapitawo, nyumba yawo ya zipinda ziwiri, chitseko cha loko. Ankavala nsapato za sofiya ife tikuponda minga. M'dengu ankaponyamo wezulo ya bambo ake, tsiku lina tochi, tsiku lina kalilole wa amake. Chingerezi ankachitulutsira m'mphuno ngati mkazi wa bwana wa ku fakitale. Ndipo sanali woipa mtima. Chimenecho n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Akanakhala woipa ndikanangomuda n'kupuma. Koma ankandigawira chimanga chake chokazinga, ine n'kumadya, kwinaku ndikuyang'ana sofiya zake.

Inali nyengo yozizira, nthawi yodulira tiyi, minda itasanduka zitsa zokhazokha ndipo ntchito itachepa. Lachisanu lina a Gondwe anapisa dzanja m'dengu n'kutulutsa kapu. Kapu yachitsulo yoyera, mkombero wabuluu, pa chogwirira atakulungapo waya wofiira.

Kapuyo ndinaidziwa isanafike m'mwamba. Kale anthu othyola tiyi ankalandira phala masana kumunda komweko, aliyense m'kapu yake, ndipo makapu onse ankafanana chifukwa ankagulidwa sitolo imodzi. Amayi anga anatola waya wofiira kuseri kwa fakitale n'kukulunga pa yawo kuti isasokonezeke. Phala lija sankalimaliza. Ankandisiyira lapansi, n'kubwera nalo madzulo litazizira, ine n'kumakombeza ndi chala. Ndikuuzeni zoona, nkhope ya amayi anga sindiikumbukira bwino, koma waya uja ndinkaudziwa mmene unapindikira kumapeto. Chiyambire maliro sindinaionenso kapuyo. Ndinkayesa anawaika nayo.

Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinangomva mawu anga akutuluka, okweza, ngati a munthu wina.

“It is my mother's!”

Felesiya anali ataimirira theka, pakamwa pali yasa. Kenaka Layitoni, mnyamata wa mutu waukulu amene ankakhala kumbuyo, anati, “Amayi ake ati? A kumanda aja?” Anthu anaseka. A Gondwe sanamve chimene akuseka. Iwo anangomva kuti mwana wosalankhula uja walankhula, ndipo wakhoza. Anadumpha ngati apondera khala la moto.

“Very good, Enelesi!” anatero, n'kundiika kapu m'manja.

“Sala, akunama!” anakuwa Felesiya. “Ndi ya amayi anga imeneyo, ndabwera nayo ndine. Amamwera tiyi tsiku ndi tsiku.”

“Enelesi, wabwera nayo ndiwe?”

“Ayi, Sala.”

“Nanga ndi ya yani?”

“Ya amayi anga.”

A Gondwe anakanda mutu ndi choko mpaka tsitsi linayera. Anati lamulo la masewera ndi lamulo, woyamba kuyankha bwino agwire mpaka belu, zinazo tiona pambuyo. Ndinaigwira ndi manja awiri. Ndinainunkhiza mobisa. Inkanunkha sopo wa kwa a kapitawo, osati phala. Koma waya unali womwe uja. Zimene anaphunzitsa tsiku limenelo musandifunse. Ndinkangopempha mumtima kuti woliza belu agwe m'chimbudzi.

Belu linalira. Felesiya anabwera n'kutambasula dzanja.

“Bweretsa.”

Ndinayang'ana aphunzitsi. Iwo anati, mofatsa, chinthu chibwerere kumene chachokera. Njira yonse ya ku komboni ndinayenda pambuyo pa Felesiya, iye akuzunguza kapu ya amayi anga pa chala chimodzi, akuimba.

Agogo ndinawapeza akusinja makaka. Ndinawafunsa mmene kapu ya amayi inapezekera kwa a kapitawo, ndipo sanaleke kusinja.

“Amake Felesiya ndi amene anamusambitsa mwana wanga,” anatero. “Ankathyola mzere umodzi. Ine sindikanatha. Wosambitsa maliro amapatsidwa kanthu ka malemu. Unkafuna ndiwapatse chiyani, mwala?”

“Bwanji simunawapatse china?”

“China chiti? Amako anasiya chiyani? Nsalu tinawakulungira. Panatsala kapu ndi iwe. Gwira lichero apo.”

Nkhani inafika kwa a kapitawo, chifukwa Felesiya sankasunga kanthu pakamwa. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinaona amake akubwera, atakulunga kanthu m'kansalu. Agogo nawo anawaona, ndipo anadzaima pakhomo, manja m'chiuno.

“Imani pomwepo, amake Felesiya.”

“Amayi, ndamva za kusukulu. Sindinadziwe kuti mwanayu akuikumbukira. Atenge, ine ndili nawo ena.”

“Chinatuluka ndi maliro sichilowanso m'nyumba. Mukufuna chidzanditengerenso uyu?”

“Ndi mwana, amayi. Akulira amake.”

“Alire ali moyo.”

Anthu amenewa anali atangoimba limodzi nyimbo za Mulungu m'mawa womwewo, koma pa mwambo uwu panalibe wotsutsa. Amake Felesiya anagwada, anandisisita mutu, n'kubwerera ndi kansalu kawo. Ndinawada onse atatu, agogo chifukwa chokana, amake Felesiya chifukwa chomvera, ndi Felesiya chifukwa madzulo amenewo ndinamuona pakhonde pawo akumwera thobwa m'kapu muja, miyendo atatambasula.

Lachisanu lotsatira kapu inatulukanso m'dengu. Ndinayang'ana Felesiya. Iye ankayang'ana kudenga ngati kuli mleme. Ndinaimirira, ndinayankha, ndinaigwira mpaka belu. M'kalasi si m'nyumba, agogo analibe chonena.

Musafulumire kunena kuti agogo anu a ku Boma ndi mngelo. Anaona msanga kuti wagwira chinthu cha mtengo. Posankhana mbali ankandiitana ine poyamba, osati chifukwa chondikonda, koma chifukwa kapu inali chigoli chosalephera. Lachisanu lina sankabwera nayo dala.

“Ndaiwala,” ankatero. “Ukandithandiza kutola nkhuni mawa mwina sindiiwalanso.”

Nkhuni za kwa a kapitawo ndinatola, ana inu. Madzi ndinatunga. Mng'ono wake wolemera ngati thumba la feteleza ndinabereka.

A Gondwe nawo wina anawafotokozera nkhani yonse, ndipo m'malo mondimvera chisoni anayamba kundivutitsa. Kapu ikatuluka sankafunsanso funso limodzi. Ndi ya mtundu wanji? Amayi ako ankaigwiritsa ntchito yanji? Ankapita nayo kuti? Zonse m'Chingerezi, ndipo za kale uzinene monga za kale, za lero monga za lero. Ndikaphonya liwu limodzi kapu inkabwerera m'dengu, ine n'kuyang'ana chisaka mpaka belu. Ndiye sabata yonse ndinkakonzekera. Popita kukapereka madzi kwa agogo kumunda ndinkayenda pakati pa mizere ya tiyi ndikunong'ona ndekha, kuuza zitsamba kuti amayi anga ankathyola tiyi, ankamwa phala, ankandisiyira lapansi. Azimayi a ku komboni anayamba kunena kuti wamasiye uja mutu wayamba. Mvula isanagwe ndinali nditaposa kalasi lonse pa Chingerezi, ndi Felesiya yemwe ndi mphuno yakeyo.

Koma mukuganiza kuti anatamandidwa ndani? A Gondwe anaimika Felesiya patsogolo n'kuuza kalasi kuti tizitengera mtima wake wabwino. Ku tchalitchi azimayi ankaloza amake kuti taonani munthu wosamala amasiye. Ine ndinali wamasiye wa m'nkhani yawo. Bambo anali nawo, amayi anali nawo, sofiya anali nazo, kapu ya amayi anga anali nayo, ndipo tsopano ndi mbiri yabwino yomwe, yoipezera pa ine. Za nkhuni palibe anazitchula.

Chaka chitatha a Gondwe anasamutsidwa, dengu lija a hedimasitala anayamba kusungiramo chimanga, ndipo masewera anathera pomwepo. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Maso a agogo anayamba kufooka, dengu lawo linasamukira pamsana panga. Chingerezi chija chinandithandiza pambuyo pake, ndinalera ana kunyumba ya bwana wina wa pa esiteti, ntchito ya pamthunzi. Kenaka ndinakumana ndi agogo anu aamuna, munthu wa kwa Khwethemule kuno, amene anandifunsira atavala jekete yobwereka yosafika m'manja. Iwe Yamikani makutu akowo ndi awo. Felesiya anapita ku sekondale, anakagwira ntchito mu ofesi ku Boma, anakwatiwa ndi munthu wa njinga yamoto. Amake atamwalira kapu inatsala ndi iye.

Mufunsa kuti agogo anga atamwalira bwanji sindinakangoitenga, poti wokaniza panalibenso. Agogo anu aamuna anandifunsa chomwecho. Ndinapita. Ulendo wake sunali wa minibasi zanu izi, ndinayenda wapansi mpaka pa msewu n'kukwera pa lole ya nthochi, amayi anu ali khanda kumsana. Felesiya sanavute n'komwe. Anaitsuka, anaipukuta, n'kundipatsa. Ndinatambasula dzanja, ndipo mwana anatakataka kumsana kwanga. Dzanja linabwerera lokha. Ndinali nditaika kale mwana mmodzi, mchimwene wawo wa amayi anu amene simunamuone. Ndine munthu wa Mvano, nyimbo ndimaimba, koma sindinathe kulowa nayo kapu ija m'nyumba mogona mwana wanga. Ndinabwerera chimanjamanja, ndikulira pa nthochi za eni, ndipo ndinamvetsa agogo anga atapita kale.

Chiyambire pamenepo ndikapita ku Boma ndimadzera kwa Felesiya. Mwezi wathawu ndinapita kukatenga mapilisi a BP ku chipatala, ndinadzeranso. Kapu imakhala m'kabati ya galasi, pakati pa makapu adothi amene mwana wake anatumiza kuchokera ku Joni. Yakhakhuka m'mbali, pansi payamba dzimbiri, waya wada koma ulipo. Amandithirira tiyi m'menemo, iye akumwera m'kapu ya maluwa. Ndikamaliza salola kuti nditsuke. Amatsuka yekha, n'kuika m'kabati, n'kutseka, kiyi n'kumanga pa nsonga ya chitenje.

“Ukuitsekera ndani?” ndinamufunsa. “Wakuba wake ndani wa kapu ya dzimbiri?”

“Iweyo. Ndimakuona mmene umaiyang'anira.”

“Ndikanafuna kuba ndikanaba kalekale, ndikukutolera nkhuni.”

“Nkhuni ziti? Ine sindikukumbuka za nkhuni.”

Mwamva? Sakukumbuka za nkhuni. Ndinatsala pang'ono kumuthira tiyi pa nsalu yake yatsopano. Iye anaseka, akusisita bondo.

“Enelesi, njira ilipo imodzi,” anatero. “Ndikafa udzandisambitse ndiwe. Ana anga ndawauza kale, wosambitsa apatsidwe kapu. Idzakhala ikutuluka m'nyumba mwanga kulowa mwako, ndipo ngakhale agogo ako aja sadzanena kanthu kumene aliko.”

Ndinaifufuza nkhaniyo mbali zonse monga agogo akanaifufuzira, ndipo sindinapeze pobooka.

“Tsono ufa liti?” ndinamufunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola, mdzukulu wake anachita kubwera ndi madzi.

“Wofunsa ndiwe? Ukuyenda ndi mapilisi m'chikwama ndiwe. Ine ngakhale panado sindimudziwa.”

Ndipo sananame, ana inu. Munthu uja mano ake onse alipo, amatafuna nzimbe. Kumsika amapita wopanda ndodo, pobwera atasenza. Maso amatunga singano popanda magalasi. Ine kungokwera kamtunda aka ka ku chigayo ndimapuma ngati ng'ombe ya pa ngolo. Anandiposa bambo, anandiposa amayi, anandiposa sukulu, tsopano akufuna andiposenso masiku.

Ndiye mverani. Mukapita ku Boma apatseni moni agogo anuwo, masiwiti awo landirani, akakupatsani nyama ya mafuta muwauze kuti adye okha, ndi yabwino kwa okalamba. Koma kuno nkhuku ikaikira, dzira loyamba likhale langa. Chisomo, uzindikumbutsa mapilisi m'mawa ndi madzulo, usaphonye. Yamikani, mtsuko wa madzi uja usandionenso ndikunyamula. Sindinakonzeke kupita ine. Ndili ndi maliro oti ndikasambitse.